Anapiye Adikire Chithunzi

Mtedza wonse umene Mayi Lenia Kachapila adakolola chaka chimenecho udasanduka anapiye. Adaulima okha pakamunda ka pamtsetse kuseri kwa nyumba yawo ku Nachisaka, adausenda okha mpaka zala kuchita matuza, ndipo ataugulitsa sadauze munthu mtengo wake. Adaitanitsa anapiye a nkhuku zoyera zija zokula msanga kwa wogulitsa wina wa ku Mponela, kuti pofika Khirisimasi zikhale zitakwana kupha. Mtedza wina woti agulitse padalibe. Anapiyewo akadafa, Mayi Lenia akadabwerera ku moyo wopempha ndalama ya mchere kwa amuna awo, ndipo amuna awowo sankapereka ndalama ya mchere asadalankhulepo mawu pang'ono okhudza chuma cha dziko.

Bambo Benjamini Kachapila adagwira ntchito ya ukalaliki ku Lilongwe, mu ofesi ina imene ntchito yake yeniyeni sadaifotokozepo momveka. Adabwerera kumudzi ndi penshoni, sutikesi yodzaza majekete, ndi chizolowezi chotsokomola asadayambe kulankhula. Tsopano ankafuna ukhansala. Chovuta chidali chakuti akabaza a pasiteji adawapatsa dzina loti a Zikomo-Kwambiri, poti munthu akawanyamulira katundu mpaka pakhomo, mawu amenewo ndiwo okha ankabwerera nawo. Dzinalo lidawapeza kudzera kwa mnzawo wa kutchalitchi, ndipo lidawasowetsa tulo. Akabaza amavota, ndipo choposa apo, amanyamula anthu ovota kumbuyo kwawo tsiku lonse akuwalankhula.

Kuno kwathu wakabaza akakubweretsera katundu, mtengo wa ulendo mumakhala mudapangana kale, koma umamupatsanso kangachepe, kamene timati ya madzi. Imaperekedwa kuseri, itapindidwa m'manja ngati mukupatsana moni. Wopereka sayang'ana, wolandira nayenso sayang'ana. Ndalama ikasowa, mbale ya mtedza kapena mbatata zingapo zimagwira ntchito yomweyo. Mayi Lenia ankachita zimenezi kuseri kwa khitchini kuyambira kale amuna awo osadziwa, n'chifukwa chake ufa wawo wa kuchigayo sunkafika utanyowa.

Tsiku la anapiye lidali la mu Novembala, mvula isadagwe, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimaleka kudya n'kukaima kumbali kwa khoma. Mayi Lenia adali atasesa kachipinda kosungiramo makasu, atayala utuchi pansi, atathira madzi a shuga m'zivundikiro za mabigiri, makala a usiku ali pambaula. Atatuluka panja adapeza amuna awo ali pakhonde mu jekete la bulawuni, pamodzi ndi alendo awiri amene iwo sadauzidwe kuti abwera. Mmodzi adali a Isake, mkulu wa mpingo, munthu wowonda wosaseka. Winayo adali a Frank, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, amene ankaitanidwa ku zochitika zambiri chifukwa foni yawo inkajambula bwino.

Dzuwa lili pamutu, njinga yamoto idamveka ikukwera chitunda. Adali Yoswa, wakabaza wa ana atatu, nkhope yonse fumbi lofiira. Kumbuyo kwake kudali katoni ya anapiye, ataikulunga m'pepala lakuda lapulasitiki kuopa fumbi, ataimanga ndi malegeni mopingasa. Anapiye ankalira onse pamodzi, phokoso lake kuposa injini.

Mayi Lenia adafika panjinga Yoswa asadatsike, nayamba kufunafuna pamene legeni lidamangidwira.

Bambo Kachapila adatsokomola.

"Mayi, musamasule kaye."

"Bwanji, bambo?"

"Pali kamwambo pang'ono. Yoswa, kankhira njingayo apa pakati. Ayi, apo. Kuti malata atsopanowo aoneke kumbuyo. A Frank, pali bwino pamenepo?"

A Frank adatsinzina diso limodzi, nayang'ana kudzera m'zala zawo. "Pamenepo ndiye pabwino. Pamthunzi nkhope zimada."

Yoswa adaimika njinga pakati pa bwalo, pamalo pokhapo pamene padalibe ngakhale mthunzi wa chingwe choyanikira zovala.

"Lero," adatero Bambo Kachapila, "ndikufuna kuthokoza mnzathuyu poyera, m'malo mwa onse ogwira ntchito ya pamsewu. Anthu amalankhula zambiri. Aone okha."

Apa tiyenera kunena kuti Mayi Lenia adali mlangizi wa mpingo. Atsikana onse okwatiwa m'deralo adadutsa m'manja mwawo, ndipo aliyense adamuuza ndi pakamwa pawo kuti mkazi satsutsa mwamuna wake pamaso pa alendo, amadikira alowe m'nyumba. Adalinena lamuloli kambirimbiri kotero kuti tsopano lidali litawamanga miyendo iwo eni. Choncho adapita pakhonde, nagwada pambali pa mpando wa amuna awo, nalankhula motsitsa mawu.

"Bambo, tianato tachokera kutali. Bwanji ndingotilowetsa, inu muzijambulitsa ndi njingayo?"

"Njinga yopanda katundu ndi njinga wamba, mayi. Anthu adziwa bwanji kuti munthuyu wagwira ntchito? Adzati ndaimitsa wodutsa."

"Dzuwali lakula."

"Si inu mwagula makala kuti muziwawothetsa moto? Kutentha kumene mukufuna kugula ndi ndalama, Mulungu akupereka ulere." Adatembenukira kwa alendo kuti aone ngati mawuwo afika. A Frank adaseka. A Isake adagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mfundo yoti akaiganizire kunyumba.

Mayi Lenia adayang'ana Yoswa. Iyeyo akadangonena kuti ali ndi ulendo wina, nkhani ikadatha. Koma Yoswa adali ataimbiridwa foni dzulo lake kuti kuli mphatso yapadera, ndipo maso ake adali pa thumba la m'kati la jekete la bulawuni, limene lidali lotupa.

"Zoona, bwana," adatero Yoswa. "Amakonda kutentha amenewa. Kumene amawaswera kuja ndimamva kuti ndi ng'anjo yeniyeni."

"Mwamva, mayi? Ndi kanthawi kochepa. A Frank, tiyeni."

A Frank adatulutsa foni, naidina, naigwedeza, naidinanso. "Yathima. Ana anga amaonera mafilimu usiku, ine osadziwa. Muli ndi batire ya sola m'nyumbamu? Ingodzuka pang'ono basi."

Foni idalowa m'nyumba. Mayi Lenia adatumidwa thobwa.

Adabwera nalo msanga kuposa mmene adabwererapo ndi thobwa m'moyo wawo wonse, nagawira alendo, napita ndi kapu kwa Yoswa, amene adali atakhala pamthunzi wa mtengo wa mango, njinga ataisiya padzuwa.

"Achimwene," adanong'ona, "kankhirani njingayo pano pamene mwakhala inu. Foni ikadzuka mubweza."

"Bwana anati ndisasunthe, amayi. Alemba mzere ndi phazi."

"Ndiye chotsaniko pepala lakudalo."

"Ndikachotsa pepala ndiye kuti ndamasula." Adamwa thobwa, nasuzumira m'kapu. "Lakoma. Mwaika mawere ambiri."

Pakhonde a Isake adali ataika kapu yawo pansi. Adali ndi nkhani imene idawavuta kuyambira pamene adaitanidwa, ndipo thobwa lidawatsegula kukhosi.

"A Kachapila, ine ndabwera chifukwa ndinu mnzanga, koma mtima wanga sukumasuka. Munthuyu walipidwa ulendo wake?"

"Mayi analipira kale."

"Ndiye chowonjezerachi n'chachiyani? Lero wakabaza. Mawa namwino atambasula dzanja. Mkuja wapolisi. Dziko lathu laola chifukwa cha tinthu totere. Dzina lake ndi chiphuphu, kaya muchiveke jekete."

Bambo Kachapila adamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso limene adalikonzekera. "A Isake, ine nkhani zimenezi ndinakhalirapo misonkhano ku hotela. Chiphuphu chili ndi zizindikiro ziwiri. Chimaperekedwa mobisa, ndiponso chimaperekedwa ntchito isanathe. Ine ndikupereka masana, pamaso pa mkulu wa mpingo, ntchito itatha."

"Yatha?" A Isake adaloza njinga ndi chibwano. "Katundu akadali pomwepo. Sanatsitsidwe. Ndiye ntchito sinathe. Mukapereka panopa, mwapereka chiphuphu."

Mayi Lenia, amene adali atakhala pamphasa kumapeto kwa khonde, adadzutsa mutu. Sadaganizepo kuti tsiku lina adzakonda kuuma mutu kwa a Isake. Adayamba kudzuka.

"Khalani, mayi," adatero amuna awo osawayang'ana. "Ku ofesi katundu akalowa pageti, ndiye kuti waperekedwa. Kutsitsa ndi nkhani ya m'kati."

"Pano palibe geti."

"Pali pamene geti idzakhale."

"Komanso akazolowera," adapitiriza a Isake, "tsiku limene simudzampatsa, adzakugwetserani mazira dala."

"Ine mazira sindinagwetsepo, madala," adayankha Yoswa ali pamthunzi. "Anagwa okha."

A Frank adalowererapo. "Ine chimene chimandiwawa n'chakuti ife aphunzitsi timabweretsa maphunziro mpaka pakhomo pa munthu. Ndani anatipatsapo ya madzi?"

"Gulani njinga, aphunzitsi," adatero Yoswa. "Maphunzirowo muziwamanga kumbuyo."

Adaseka onse kupatula a Isake, amene adafuna kudziwa ngati mbale ya mbatata nayonso ndi chiphuphu, popeza ankaganiza kuti akazi awo amachita zimenezi iwo akachoka. Bambo Kachapila adati mbatata ndi nkhani ina, imafunika kuiona payokha. Adaiona payokha. Adaonanso nkhani ya nkhuku yamoyo, ndi ya munthu amene wabweretsa katundu wosweka koma iye atavulala. Mthunzi wa khonde udasuntha, a Frank nasunthira mpando wawo m'kati.

Mayi Lenia sankamva chilichonse mwa zimenezi. Makutu awo adali pakatoni. Poyamba paja phokoso lidali limodzi, losadukiza, ngati mvula pamalata. Tsopano ankatha kumva mawu a mmodzimmodzi. Apa wina alira, apo wina ayankha, kenaka zii, kenaka wina. Pepala lakuda lija linkanyezimira, ndipo pamwamba pake mpweya unkavina. Ntchentche yaikulu yobiriwira idatera pakona, niyendayenda, nilowa pansi pa pepala ngati ikudziwa njira.

Adapita kukhitchini, naviika chitenje m'ndowa, nabwera nacho chikudontha kuti afunditse katoni.

"Mayi," adatero Bambo Kachapila mokoma, mawu amene ankagwiritsa ntchito alendo akakhalapo, "chitenje chimenecho chili ndi nkhope ya chipani china."

Chidalidi nayo, ngakhale idali itasuluka kotero kuti mwini nkhopeyo sakadadzizindikira. Mayi Lenia adaima pakati pa bwalo, madzi akudonthera pamapazi. Adayang'ana amuna anayi aja: atatu pakhonde, mmodzi pansi pa mango, onse pamthunzi, onse atakhuta thobwa lawo. Kenaka adabwerera ndi chitenje chawo.

"Yadzuka," adatero a Frank akutuluka m'nyumba ndi foni. "Koma tichite changu, ili pofiira."

Bambo Kachapila adaimirira, nakoka jekete, nakaima pambali pa njinga. Yoswa adabwera akupukuta manja pathalauza. Bambo Kachapila adaika dzanja limodzi pakatoni, nalichotsa msanga poti idawaotcha, naliika paphewa la Yoswa. Adatsokomola.

"Abale anga, chaka chimene ndinayamba ntchito m'boma, msewu uwu unali kanjira ka ng'ombe."

Mayi Lenia ankawadziwa mawu amenewa. Adawamvapo paukwati, pamaliro ndi pa kutsegulira kwa mjigo. Kuchokera pa kanjira ka ng'ombe kukafika pa zikomo, munthu ankatha kuphika nyemba zouma. M'katoni mudamveka mawu awiri kapena atatu, ofooka.

Adayenda mpaka pamene padali amuna awo, nagwada pafumbi lotentha, manja pamodzi.

"Pepani bambo, ndakudulani. Ine ndine mkazi chabe, mwina sindikudziwa. Koma mwambo waukulu chonchi ungayambe osapemphera, mkulu wa mpingo ali pomwepa?"

Bambo Kachapila adayang'ana foni ya a Frank. Munthu wofuna ukhansala m'dera la matchalitchi sakana pemphero foni ikujambula.

"Ndimati ndifike pamenepo," adatero. "A Isake, tithandizeni. Mwachidule."

A Isake sadapempherepo mwachidule chibadwire. Mapemphero awo ankadziwika mpaka ku Dzoole. Ankayambira pa kulengedwa kwa dziko, n'kudutsa m'mibadwo yonse, osasiya munthu panjira. A Isake adaimirira, navula chipewa. A Frank adatsitsa foni. Yoswa adakumbatira chisoti chake pamimba. Onse adatsinzina, Bambo Kachapila mwamphamvu kuposa onse, nkhope atayang'anitsa kumene kudali foni.

Mayi Lenia adadikira mpaka a Isake atalenga nyanja ndi mapiri. Kenaka adadzuka, nayenda chopanda phokoso kukafika pakhonde pamene adasiya mpeni wodulira masamba, nabwerera. Legeni loyamba lidaduka mwakachetechete. Lachiwiri lidali lokoka kwambiri, ndipo litaduka lidakwapula Yoswa pamsana. Yoswa adatsegula diso limodzi, naona malegeni ake ali pansi zidutswazidutswa, naona mpeni, naona nkhope ya Mayi Lenia. A Isake adali atafika pa oyenda m'misewu, kuti asakumane ndi ngozi. Yoswa adatsinzinanso.

Katoni idawaotcha m'manja kudzera m'pepala. Adathamanga nayo kukachipinda kuja, naiika pautuchi, nang'amba pepala, natsegula.

Fungo ndilo lidayamba kutuluka, lotentha ndi lonyowa, la zitosi ndi nthenga zophikika, lonunkha ngati dzira lovunda limene laswekera m'thumba. Mayi Lenia adatembenuza mutu, napuma kudzera m'chitenje. Anapiye adali ataunjikana m'makona, pothawa kutentha kumene kudalibe kothawira. A pansi adali ataphwatalala, onyowa, miyendo itatambasukira kumbuyo, ubweya wachikasu uja utamatirira pakhungu. A pamwamba ankapuma milomo ili yasa, maso atatseka. Ntchentche ija idatuluka mosafulumira, itatha zake.

Adayamba kusankha. Wopuma ankamunyamula, n'kumuviika mlomo m'madzi a shuga, n'kumuika pautuchi pafupi ndi khomo pamene pankalowa kamphepo. Wosapuma ankamuika pambali. Ena pochotsa ankamatirira kwa anzawo, n'kufunika kuwalekanitsa ndi chala. Mulu wa pambali unkakula msanga kuposa wa pakhomo. Panja a Isake m'pemphero lawo adali ku chipatala cha Mtengowanthenga, akuyendera odwala chipinda ndi chipinda.

Patapita nthawi kudamveka amen wa anthu anayi, kenaka chete, kenaka nsapato zikubwera. Bambo Kachapila adaima pakhomo pa kachipindako. Sadalowe. Adatulutsa kansalu m'thumba naika pamphuno.

"Mayi, mwandichititsa manyazi. Anthu atsegula maso, njinga ili mbulanda."

Mayi Lenia adaviika mlomo wa mwanapiye wina. Mwanapiyeyo sadameze. Adamuika pambali.

Bambo Kachapila adaona mulu uja. Adauyang'ana kanthawi, natsokomola. Adayang'ana kudenga, nayang'ananso pansi.

"Wogulitsayo ndi wakuba," adatero potsiriza. "Wakutumizirani odwala kale. Ndidzamulembera." Adasintha phazi. "Katoniyo mwathana nayo? Foni ya a Frank ikuthimanso. Tingoimanga pomwe inali, tijambule, basi. Palibe adziwe kusiyana kwake."

Apa mpamene Mayi Lenia adawayang'ana. Adali atakhala ndi bambo ameneyu zaka zambiri, adamuchapira, adamusamala atadwala chibayo, ndipo sadaganizepo kuti tsiku lina adzamuona mmene munthu amaonera chinthu chimene wachipeza pansi pa mtsuko. Adatola anapiye akufa aja ndi manja awiri, nawabwezera m'katoni, ulendo ndi ulendo mpaka onse atalowa. Adatseka, nagwada bwinobwino monga amaphunzitsira atsikana, napereka.

Bambo Kachapila adamva kulemera kwake. Sadafunse. Adainyamula motalikitsa ndi jekete, napita.

Kachipindako kadali ndi kazenera kopanda galasi koyang'ana pabwalo, ndipo Mayi Lenia adaona zotsalazo osafuna. Katoni idamangidwa ndi chingwe cha khonje. Kanjira ka ng'ombe kadadulidwa pakati chifukwa cha foni. Bambo Kachapila adapisa dzanja m'thumba lotupa lija, Yoswa natambasula manja onse awiri, mawondo atapinda pang'ono. Chidatuluka chidali tayi, yaikulu ngati lilime la ng'ombe, yofiirira, yokhala ndi banga la msuzi wa phwando lina la ku ofesi.

"Tayi iyi," adatero Bambo Kachapila, "inalowapo m'zipinda zimene anthu ambiri sadzalowamo."

Yoswa adailandira. Adaitambasula, naikutumula pang'ono kuti mwina mugwa kanthu. Adasuzumira kumapeto kwake kumene kuli kathumba. Adayang'ana thumba la jekete, limene tsopano lidali litaphwa.

"Sekani, Yoswa," adatero a Frank. "A Kachapila, ntchentche pachipumi. Ithamangitseni. Yabweranso. Zachuluka bwanji pamenepa?"

"Jambulani zili pomwepo," adatero a Isake. "Ine fungoli landikwana. Ndipo ndikunenabe, katunduyu wabwerera panjinga, ndiye kuti sanatsitsidwe."

Adajambula kangapo. Chimodzi chidatuluka bwino.

Alendo atabwerera pakhonde kukaonetsana zithunzi, Mayi Lenia adamva munthu akukhosomola kuseri, mbali ya kukhitchini. Adali Yoswa, tayi ili m'khosi pamwamba pa jekete lake lonyezimira la pamsewu. Adasuzumira pakhomo pa kachipinda.

"Amayi, ine ndikupita."

"Pitani bwino."

Sadapite. Adakanda kumbuyo kwa khutu. "Afa ambiri?"

"Mwawanyamula inu. Simunamve kulemera?"

"Pepani, amayi. Dzuwa la chaka chino." Adayang'ana kumwamba ngati akufuna kulidzudzula. "Komatu malegeni aja anali atsopano. Ndinadula ku chubu chabwinobwino."

Mayi Lenia adapitiriza ntchito yawo.

"Ndiye ndimati, mwina ka masiku onse kaja. Msewu wa ku Mponela mukuudziwa. Fumbi lake."

"Achimwene, munawamva akulira?"

"Ndinawamva."

"Munawamva akusiya kulira?"

"Bwana anati ndisasunthe."

"Anakutumani ku Mponela ndi bwana?"

Yoswa adagwira tayi, naiyang'ana. "Ndimati m'thumba muja muli kanthu."

"Munali kanthu. Mwavala."

Yoswa adaima pamenepo kanthawi, akudikira kuti mwina mtima wa mlangizi ufewa. Mayi Lenia adali atakonza kale ya madzi m'mawa, itamangidwa pakona ya chitenje, ndipo ankaimva ikuwagunda m'chiuno akawerama. Adali asadamanepo munthu wobweretsa katundu, ngakhale uja adawabweretsera feteleza thumba litang'ambika. Adaisiya pomwepo.

"Nanga a m'katoniwo muchita nawo chiyani?" adafunsa Yoswa. "Ngati mukutaya, ine ndili ndi nkhumba kunyumba. Imadya chilichonse."

Mayi Lenia adatseka maso pang'ono.

"Tengani."

"Zikomo kwambiri, amayi. Mulungu akudalitseni." Adamveka wokondwa ndithu. Posakhalitsa njinga idalira, nitsika chitunda, katoni ili kumbuyo, ntchentche zikutsatira.

Otsala adali ochepa, osafika ndi theka lomwe. Ngakhale onsewo akadakula, mtedza sukadabwerera. Ena adali atayamba kuima, akudzandira ngati oledzera, akujompha utuchi. Ena adali gone chammbali, chifuwa chikukwera ndi kutsika, ndipo za amenewo padalibe wodziwa.

"Mayi," adaitana Bambo Kachapila ali pakhonde, mawu aja a alendo. "Tabwerani mudzaone. Malata aoneka bwino kwambiri."

Mayi Lenia adadzuka, napita pachitseko, nachitseka, nachitchinga ndi mpini wa khasu.

"Mayi? Alendotu akudikira."

Adabwerera pautuchi, nakhala pansi miyendo itatambasuka, nanyamula mwanapiye wina wa chammbali uja. Adali wopepuka ngati chisa chopanda kanthu. Adamuviika mlomo m'madzi, namudzutsa mutu, nadikira kuti aone ngati ameze.